Banja la avareji ndalifunafuna, kulibe

Dzulo usiku ndi pamene zandilowa, abale. Miyezi iwiri yathunthu ndakhala ndikulemba mean (avareji, kuphatikiza nambala zonse n'kugawa ndi kuchuluka kwake) ndi median (nambala yapakati ukazindandalika kuyambira yaing'ono kufika yaikulu) m'kope ngati mapasa, kuwerengera bwinobwino, malikisi kumapeza, koma osadziwa chifukwa chake tili ndi ziwiri m'malo mwa chimodzi. Kapezedwe kake mwatsatanetsatane sindifotokoza, aliyense amene akuchita kosi yathu ya statistics amakadziwa. Ndikufuna ndinene chinthu chimodzi chokha chimene chandimasula mutu.

Anatipatsa ntchito yoti tifotokoze ziwerengero za chuma cha mabanja ku America, zochokera mu kafukufuku amene Federal Reserve, banki yaikulu ya dzikolo, imachita zaka zitatu zilizonse. Chuma pano ndi zonse zimene banja lili nazo, nyumba, galimoto, ndalama za kubanki, masheya, zosungira ukalamba, ukachotsapo ngongole. Mu 2022 avareji inali pafupifupi madola 1.06 miliyoni pa banja. Median inali madola 192,900. Ndinaganiza kuti ndakopera molakwika, ndinabwerera katatu. Dziko lomwelo, chaka chomwecho, mabanja omwewo, koma nambala ina kuposa inzake kasanu ndi theka?

Nditagwira njakata ndinasiya kompyuta n'kutenga pepala. Ndinajambula mabanja khumi pa mzere, kuyambira wosauka kufika wolemera. Asanu ndi anayi ndinawapatsa 10 aliyense, womaliza ndinamupatsa 910. Zonse pamodzi 1,000, kugawa pa khumi, avareji 100. Kenako ndinayamba kufunafuna pa mzerepo banja lomwe lili ndi 100. Palibe. Ngakhale loyandikirako, palibe. Mabanja asanu ndi anayi mwa khumi ali pansi pa avareji, ndipo akaiona nambalayo pa nyuzipepala aliyense adzidandaulira yekha kuti anzake onse amusiya m'mbuyo, chonsecho amene wamusiya ndi mmodzi. Median ndi 10, ndipo 10 ameneyo ukagogoda pafupifupi pakhomo lililonse umupeza.

Komabe chimene chinandigwira kwambiri si chitsanzocho ayi, ndi funso loti bwanji avareji ya kutalika kwa anthu imatiuza zoona pomwe ya chuma imatipusitsa. Yankho lake n'loti kutalika kuli ndi malire mbali zonse ziwiri. Palibe munthu wotalika kuposa mnzake kakhumi. Wamtali kwambiri akalowa m'chipinda, avareji imangosuntha pang'ono. Chuma chilibe denga. Pansi pali malire, chifukwa ngakhale wangongole amafika poti palibenso womubwereka, koma m'mwamba munthu mmodzi atha kukhala ndi chuma choposa cha mnzake kamiliyoni. Ndiye chojambula chake chimakhala ndi chimulu cha anthu kumanzere ndi mchira wautali wopita kumanja, ndipo avareji imakokedwa ndi mchirawo. Avareji imawerenga ndalama, median imawerenga makomo. Ndaibwereza mfundo imeneyi m'mutu usiku wonse ngati nyimbo.

Ukazimvetsa zimenezi, nambala zina zija zimasiya kudabwitsa. Ku America komweko mabanja 10 mwa 100 aliwonse a pamwamba ali ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu a chuma chonse, pomwe theka lonse la pansi silifika ngakhale 3 peresenti. Ndipo taonani izi: kafukufukuyu mwadala sawerengera anthu 400 olemeretsetsa omwe ali pa mndandanda wa magazini ya Forbes. Kutanthauza kuti 1.06 miliyoni ija ndi pamene nsonga ya mchira adula kale. Poyerekeza mayiko zimachitikanso chimodzimodzi. Mu lipoti la 2023 la banki ya UBS, lomwe limawerengera munthu wamkulu aliyense osati banja, Switzerland inali patsogolo pa avareji, koma pa median patsogolo panali Belgium, kenako Australia.

Kuyambira lero ine njira yanga ndi ya mzere basi. Nambala zilizonse zikabwera, ndizindandalika kaye kuchokera yaing'ono kufika yaikulu, ndione wapakati, kenako ndigawe mean ndi median. Zikatuluka pafupi ndi 1, avareji ndiikhulupirira. Zikatuluka 5, ndidziwa kuti pali ochepa amene asenza zambiri. Kunena zoona ndikuona ngati kagawidwe kameneka kakuposa Gini, muyezo wa kusiyana kwa chuma pakati pa anthu, amene tinavutika naye sabata yonse, chifukwa aka ungathe kumufotokozera aliyense pa mphindi imodzi. Mnzanga wa m'gulu lathu lowerengera limodzi wandiseka kuti ndatembenuka mtima ndalowa mpingo wa median. Mwina, koma andionetse njira ina yachidule kuposa iyi.

Chimene chikundiwawa n'chakuti zonsezi zikanatheka tsiku loyamba. Aphunzitsi athu anatha masabata atatu pa fomula yopezera median nambala zikakhala m'magulumagulu, malire a pansi, malire a pamwamba, kulemba pa bolodi mpaka kudzaza. Za kusiyana kwa ziwirizi ananena chiganizo chimodzi chokha, choti mean imakhudzidwa ndi nambala zopatuka kwambiri, n'kupitirira. Ndinachilemba, ndinachiloweza, pa mayeso apakati ndinachilembanso n'kukhoza. Koma mawu oti zopatuka amamveka ngati cholakwika choti uchotse, pamene pa nkhani ya chuma opatukawo ndiwo nkhani yeniyeniyo. Sindikuwada, silabasi ndi yaitali ndipo m'kalasi tilimo ambiri. Kungoti mayeso atsala masiku asanu ndi anayi, ndipo ndikudzifunsa kuti ndi mitu ingati ina imene ndaikhoza osaimvetsa.

M'mawa uno chimwemwe chachepako pang'ono. Ndinabwerera ku mzere wanga n'kuwirikiza chuma cha wolemera uja kawiri: median sinasunthe. Chabwino, ndi ntchito yake. Koma nditalowetsa mabanja atatu a pansi mu ngongole zoopsa, sinasunthenso. Ndiye nayonso pali zimene siiona, ndipo zimene siionazo ndi za anthu ovutikitsitsa. Palinso za msinkhu. Wachinyamata wongoyamba ntchito ya malipiro abwino, ali ndi ngongole ya sukulu, pa pepala ndi wosauka. Nkhalamba yomwe inamaliza kulipira nyumba koma mwezi ukatha m'thumba mulibe kanthu, pa pepala ndi yolemera. Nanga banja lapakatilo, ngati chuma chake chambiri chili m'makoma a nyumba, tinganene kuti 192,900 ikutiuza mmene akukhalira tsiku ndi tsiku?

Funso la ntchito yathu likuti tisankhe nambala yoimira banja wamba. Ndilemba median, ndipo zifukwa ndili nazo. Koma mawu oti wamba akundivutabe, ndipo sindinaganize ngati ndizinene zimenezi mu yankho kapena ndingozisiya.