Pepala lililonse ndi curve yake: kusindikiza zithunzi zakuda ndi zoyera

Chithunzi n'chomwecho, pulinta ndi yomweyo, koma pa pepala lonyezimira la Canson Baryta Photographique makwinya a jekete lakuda akuoneka bwinobwino, pamene pa pepala la matte la Hahnemühle Photo Rag jekete lonse langoti bii. Ambiri amathamangira kukonza chithunzicho mu Photoshop. Chithunzicho chilibe mlandu, nkhani ili pa mmene pepala limamwera inki.

Pepala la matte, lija la thonje losanyezimira, kuda kwake kumathera pa Dmax (muyeso wa kuda kwakukulu kumene pepala lingafike) ya 1.6 kapena 1.7, pomwe la baryta ndi la glossy limapitirira 2.2. Pa muyeso wa L*, umene 0 ndi kuda kotheratu ndipo 100 ndi kuyera, matte amaima cha pa 16, baryta amatsika mpaka cha pa 5. Mithunzi yomwe baryta amaiyala motakasuka, matte amaipanikiza pamalo ochepa, ndipo ikapanikizana imasanduka chinthu chimodzi.

Musanakhudze curve, mzere wosinthira kuda ndi kuyera kwa chithunzi, pangani nozzle check, kuona ngati timabowo totulutsa inki m'pulinta sitinatsekeke. Kabowo kamodzi ka inki yotuwa kakatsekeka, miyeso yonse ikunamizani. Onaninso inki yakuda: matte black ndi ya mapepala a matte, photo black ndi ya onyezimira. Mukasemphanitsa, photo black pa matte imatuluka mbuu, ndipo matte black pa glossy imachoka mukangokhudza ndi chala. Epson 3880 ndi P800 zimataya inki posintha ziwirizi chifukwa zimadutsa njira imodzi. P700 ndi P900 zilibe vutoli.

Kenako sindikizani step wedge, mndandanda wa timabokosi 21 toyezera kuda, kuyambira 0 (kuyera) mpaka 100 peresenti (kuda), kukwera ndi 5. Fayilo ikhale ya Gray Gamma 2.2, ndipo muisindikize mmene mudzasindikizire chithunzi chenicheni, kaya ndi Advanced Black and White ya Epson kapena pulogalamu ya QuadToneRIP ya Roy Harrington. Lembani dzina la pepala ndi zonse mwasankha kuseri kwake ndi pensulo. Lisiyeni liume maola 24, nyengo ya mvula ngakhale kuposerapo, chifukwa inki yaiwisi imasintha kuda ikamauma. Kuyeza pepala litangotuluka n'kudzinamiza.

Poyeza, chida chabwino ndi spectrophotometer monga i1Pro ya X-Rite. Sikana imathandizako mukazimitsa zonse zimene imakonza yokha, ngakhale kuti m'malo akuda kwambiri siidalirika kwenikweni. Masamu ake ndi apafupi. Tinene kuti pa L* pepala loyera lawerenga 96 ndipo bokosi lakuda kwambiri lawerenga 16. Kusiyana kwake ndi 80. Mukagawa ndi 20, bokosi lililonse lizisiyana ndi linzake ndi 4. Ndiye la 50 peresenti likhale pa 56, la 90 pa 24, la 95 pa 20. Chimene chimapezeka kawirikawiri pa matte n'choti atatu omalizawo amawerenga ngati 18, 17 ndi 16. Jekete lija limathera pamenepo.

Nthawi zina bokosi la 100 limatuluka lotuwirapo kuposa la 95. Apa pepala lakhuta. Inki yowonjezera siiwonjezera kuda, imangosefukira n'kuwononga m'mphepete mwa zinthu. Tsitsani kaye ink limit, malire a inki imene pulinta imathira, n'kusindikizanso, curve singachize zimenezi.

QuadToneRIP imawongola yokha mukaipatsa manambala 21 aja. Pochita pamanja, tsegulani layer ya Curves mu Photoshop pamwamba pa zonse, fayilo ili pa 16-bit kuti pasaoneke mizere m'malo osalala ngati thambo. Pa muyeso wa Curves, umene 0 ndi kuda ndipo 255 ndi kuyera, siyani 0 pamalo pake, pakuti kuda kwenikweni pa matte n'kosowa kale. Kwezani 13 afike cha pa 20, 26 cha pa 34, ndipo mukhome mfundo ina pa 128 kuti pakati pasasunthe. Manambalawa ndi poyambira chabe: sindikizani, umitsani, yezaninso. Mfundo zisachuluke, zinayi kapena zisanu n'zokwana, chifukwa curve yokhotakhota imabweretsa mawanga pakhungu la munthu.

Matte wowongoledwa bwino amatha kuoneka wozizira, wopanda mphamvu. Ine ndimaona kuti ndi bwino kuwonjezera kakukhota ka S kochepa pakati, osati kubwezeretsa mithunzi mumdima. Baryta safuna zambiri kumithunzi. Vuto lake lili kumalo oyera. Pamene sipanagwe inki pamanyezimira mosiyana ndi pena ponse mukapendeketsa pepala. Tsitsani 255 afike pa 252 kuti pagwe kainki pang'ono paliponse. Epson ali ndi Highlight Point Shift yochita zomwezo, ndipo Canon PRO-1000 imathira Chroma Optimizer, inki yopanda mtundu yofananitsa kunyezimira.

Sungani curve iliyonse ndi dzina la pepala, la inki ndi tsiku, ndipo muziiyatsa posindikiza pokha. Zithunzi zikamatulukabe zakuda kuposa mmene mukuzionera, ngakhale step wedge ili bwino, sikirini yanu ndiyo yawalitsa. Itsitseni kuwala kwake kufike pakati pa 80 ndi 120 cd/m².