Gawo 9 latha, mtambo wa Yaldabaoth wandisiya ndigone

Gawo 9 la komiki yanga latha ndipo ndaliika kale pa intaneti. Amene mwakhala mukufunsa kuti Sophia wasowera kuti, wabwera, ndipo wabwera ndi mwana wake Yaldabaoth. Masamba ena onse inki yake inauma kalekale. Chimene chinandigwira mwendo ndi bokosi limodzi lokha, la mtambo, ndipo ndikufuna ndilifotokoze bwino chifukwa anzanga amene mumajambula komiki ndi chakuda ndi choyera basi mudzakumana nazo tsiku lina.

Malemba amene ndikutsatira ndi a Apocryphon of John, buku la magulu akale achipembedzo otchedwa a Gnostic. Amati Sophia, mmodzi wa osafa a kumwamba, anafuna kubala chofanana naye payekha, Mzimu wosaonekayo asanavomere komanso mnzake amene anapatsidwa asakudziwa. Chimene chinatuluka sichinamufanane: njoka ya nkhope ya mkango, maso akung'anima ngati mphezi. Atachiona anachitaya kutali kuti osafa aja asachione, nachikulunga mumtambo wowala, n'kuika mpando wachifumu pakati pa mtambowo. Apa ndi pamene mutu unayamba kuwawa. Mtambowo ndi wowala, koma ntchito yake ndi kubisa. Ife a inki tinazolowera kuti chobisika timachiphimba ndi chakuda, chooneka timachisiya pa choyera. Malembawa akufuna kuwala kumene kumabisa chinthu, pamene ine m'manja mwanga muli chakuda, choyera ndi timadontho.

Ndinayamba ndi njira imene aliyense angayambe nayo, mtambo wa mizere yokhotakhota ndi cheza chotuluka kumbuyo. Unatuluka ngati chithunzi cha pa kalendala ya tchalitchi, moti munthu akanayembekeza kuti mngelo atulukiramo ndi lipenga. Ndinasiya. Kenako ndinatenga cholembera cha nsonga yopyapyala cha Micron 005 n'kuyamba kudontheza timadontho, tothithikana kunja, tochepa kulowa mkati. Papepala la A4 zinali zokongola zedi, ndipo tsambalo ndalisunga, mwina ndidzalipachika. Koma komiki yanga imawerengedwa pafoni, ndipo chithunzi chilichonse chimayenera kuchepetsedwa mpaka mapikiselo 800 m'lifupi. Chitachepa, timadontho tonse tinaphatikizana n'kusanduka chinthu chotuwa chopanda mawonekedwe. Mtambo wowala unasanduka utsi.

Ndinathamangira ku Krita, pulogalamu yojambulira pa kompyuta. Screentone, timadontho tondondozana timene pulogalamuyi imaika yokha pa fill layer, imene inabwera ndi Krita 4.4, ndimaikonda kwambiri pa zovala ndi pa makoma, ndiye ndinati mwina ithandiza. Pa sikirini ya laputopu inaoneka bwino. Nditatsegula pafoni, moiré anali paliponse, timabokosi tosafunika tikuyenda ndi chala. Pulogalamuyo ilibe mlandu, ndi mmene timadontho tondondozana timachitira ukatichepetsa ndi nambala imene sigawika bwino. Ndinasintha kukula kwa timadontho, ndinapendeketsa, ndinachepetsa chithunzi ndisanaike tone, ndinaika tone ndisanachepetse. Pafoni ina zimaoneka bwino, pafoni ya mng'ono wanga ayi. Ndipo ambiri a inu mumawerenga ndi bandulo yochepa, kuwala kwa foni mutatsitsa kuti batire lifike madzulo, ndiye chilichonse chodalira kusiyana pang'ono kwa zotuwa chinafa kale chisanakufikeni.

Chimene chinandimasula sichinachokere ku burashi. Chinachokera kwa Irenaeus, bishopu wa ku Lyon, amene cha m'ma 180 analemba zotsutsa magulu a Gnostic ndipo potsutsapo anatisungira zambiri zimene ankaphunzitsa. Pofotokoza za otsatira a Valentinus, mmodzi wa aphunzitsi awo, amatchula ma aeon 30, ndiwo osafa aja, okhala awiriawiri mu Pleroma, dziko la kuwala la kumwamba, Sophia ali womaliza, ndiponso Horos, malire amene anamuimitsa pamene anafuna kufika kumene sakanatha kufika. Ndikuwerenganso za Horos ndinayang'ana tsamba langa n'kuona kuti malire ndili nawo kale: mzere wakuda wozungulira bokosi lililonse. Ngati mzerewo ndi Horos, ndiye choyera cha pakati pa mabokosi, chimene tonse timachiona ngati malo opanda kanthu, ndi Pleroma. Dziko la Yaldabaoth ndi la mkati mwa mabokosi, lotsekeredwa, lodzaza inki. Kuwala kwenikweni kuli kunja, ndipo wowerenga wakhala akukudumpha kuyambira Gawo 1 osakuzindikira.

Ndikudziwa kuti wina alemba kuti Horos ndi wa a Valentinus pamene Apocryphon of John ndi ya gulu limene akatswiri amalitcha la Seth. Ndikudziwa. Komiki ndi yanga, ndabwereka.

Ndiye mtambo sindinaujambule n'komwe. Ndinajambula Yaldabaoth yense pa layer yake, mamba onse, mchira wopindana, mpando wonse ndi miyendo yake inayi. Kenako ndinaika transparency mask, yobisira mbali zina za chithunzi, n'kuyamba kufufuta kuchokera kunja kulowa mkati. Chofunika apa ndi burashi yofufutira. Airbrush ayi, chifukwa imabweretsanso kutuwa komwe kuja. Ndinatenga burashi ya m'mphepete molimba, kuti mzere ukhale wakuda bii mpaka pamene ukudukira mwadzidzidzi. Bokosilo ndinalichotsera mzere wozungulira, choyera cha kunja n'kulowa mkati popanda chochiletsa. Chatsala ndi diso limodzi, khutu, nsonga ya mchira ndi miyendo iwiri ya mpando. Pamwamba pake ndinasiya choyera chachitali, chokwana masikirini awiri a foni, kuti munthu azitsitsa ndi chala osaona kanthu, ayambe kukayika ngati chithunzi chakana kutsegula, kenako diso limutulukire. Ubwino wina ndi wakuti choyera chokhachokha sichilemera, fayilo ya PNG inatuluka yaing'ono kuposa masamba ena onse a gawoli.

Zinandipweteka kufufuta mamba amene ndinakhalira pansi kuwajambula limodzilimodzi. Koma popanda kujambula thupi lonse, zidutswa zotsalazo sizikanagwirizana. Diso ndi mchira zimayenera kukhala za nyama imodzi, ndipo maso a wowerenga amadziwa ngati pakati pake palibe msana.

Chimene sindinayembekezere ndi mmene bokosili lasinthira munthu wanga. Yaldabaoth akakhala pampando paja n'kutsegula maso, amaona chiyani? Choyera kumanja, choyera kumanzere, mayi palibe, wina aliyense palibe. Malemba amati mtambo unali womubisa kuti ena asamuone. Kuti unamubisiranso ena onse, ameneyo ndi ine ndikuwerenga choncho, koma ndikuona kuti zikugwira. Pambuyo pake amadzitama kuti iye ndiye Mulungu ndipo palibe wina, mawu omveka ngati a pa Yesaya 45:5, amatinso ndi Mulungu wansanje, ndipo wolemba Apocryphon amamufunsa funso lakuthwa: ngati palibe wina, nsanje akuchitira ndani? Buku lina mwa mabuku a Gnostic amene anapezeka ku Nag Hammadi, ku Egypt, Hypostasis of the Archons, limamutcha Samael, mulungu wa akhungu. Ojambula ambiri amamupatsa mano akuthwa ndi manyenje oyaka moto, Satana wovala chikopa cha mkango. Ine ndakana. Mu Gawo 9 ndi mwana wa mkango, manyenje sanamere, makutu ndi aakulu kuposa mutu, pamphumi pali mawanga amene ana a mikango amabadwa nawo. Kuipa kwake kudzabwera, ndipo kudzakhala koopsa kwambiri chifukwa mudzakhala mutamuona ali chonchi.

Kwa abale anga a kumpingo amene mwayamba kundiyang'ana ndi diso lina: ndikujambula nthano ya anthu amene anakhalako zaka pafupifupi 1,800 zapitazo, sindikutsegula tchalitchi. Lamlungu mundipeza pamalo anga.

Za zithunzi zotengerako. Mukafufuza dzina la Yaldabaoth pa intaneti, chimene chimabwera kawirikawiri ndi njoka ya mutu wa mkango yokhala ndi cheza kuzungulira mutu, yochokera m'buku la zinthu zakale limene Bernard de Montfaucon anatulutsa mu 1719. Chithunzi chotere pa timiyala ta nthawi ya Aroma nthawi zambiri chimakhala cha mulungu wina, Chnoubis, ndipo anthu ankavala timiyalato ngati chithumwa cha m'mimba. Ngakhale Galen, sing'anga wotchuka uja, analembapo za mwala wobiriwira wa jasper umene ena ankaujambula njoka ya cheza n'kuuvala moyang'anizana ndi mimba. Ndiye chilombo chimene anthu amachiika pa malaya ngati mlengi woipa wa dziko chinali mankhwala a munthu amene chakudya chamukana. Ine ndabwerekako kapindidwe ka mchira kokha. Cheza ndachisungira mtsogolo, ndipo ndikufuna mizere yake ikhale 7, umodzi uzimera nthawi iliyonse akalenga wolamulira watsopano. Amene simunalowepo mu Campbell Bonner Magical Gems Database ya ku Budapest, tsamba la pa intaneti la zithunzi za timiyala timeneti, lowani bandulo ikakhala yokwanira. Ndi mmenemo ndinatenga Abraxas, mulungu wina wa pa timiyalati, amene ndinajambula pa Inktober (mwambo wojambula ndi inki tsiku lililonse la mwezi wa October) ya chaka chatha, wa mutu wa tambala, miyendo ya njoka, chikwapu dzanja lina chishango dzanja lina. Ameneyo ndinamujambula pa pepala la cartridge la mu sitolo ina ya ku Limbe, lotsika mtengo koma lokhakhala, limadya nsonga ya 005 mofulumira. Tsopano ndili ndi Bristol, pepala losalala, imene msuweni wanga anandigulira ku Johannesburg pamodzi ndi ma Micron atsopano, ndipo cholembera chimayenda mosiyana kwambiri, moti ndikuisunga kuti ndizijambulira nkhope zokha.

Nkhope ndiye zikubwera. Gawo 10 ndi la olamulira asanu ndi awiri. Buku la Apocryphon of John linatifika m'makope anayi, atatu mumtsuko umene alimi anafukula pafupi ndi Nag Hammadi mu 1945, lina m'buku la ku Berlin limene linagulidwa ku Cairo mu 1896, ndipo mayina amasiyana pang'ono kope ndi kope. Ine ndikutsatira lalitali, la mu Codex II: Athoth wa nkhope ya nkhosa, Eloaiou ya bulu, Astaphaios ya fisi, Yao ya njoka ya mitu 7, Sabaoth ya chinjoka, Adonin ya nyani, Sabbede ya moto wowala. Wa moto sakundidetsa nkhawa, njira ya mtambo ija igwiranso. Yao ndi nkhani ya malo chabe, mitu 7 pa mapikiselo 800.

Wovuta ndi fisi. Sikechi yoyamba ya Astaphaios aliyense amene ndinamuonetsa anaseka, chifukwa kwa ife fisi ndi uja wopusitsidwa ndi Kalulu m'nthano, kapena wokweredwa ndi mfiti usiku, ndipo zonsezi si zimene wolamulira wa thambo ayenera kubweretsa m'mutu mwa wowerenga. Ndikuganiza zomuchotsa mawanga. Fisi wa ku Egypt, kumene mabukuwa anakopedwa m'Chikoputiki, si wa mawanga ngati wathu. Ndi wa mizeremizere, makutu osongoka, ubweya wautali woimirira pamsana. Maonekedwe ake ndi achilendo mokwanira kuti munthu wa kuno asamuzindikire msanga, ndipo ubweya wa pamsanawo ungagwire ntchito ya chisoti. Ndiyesa.

Kutsogolo kwake kuli tsamba limene ndikuliopa ndi kulifuna nthawi imodzi, pamene olamulirawa akuona chifaniziro cha munthu m'madzi n'kuganiza zoumba Adamu. Kope lalitali limati angelo 365 anagwira ntchito pa thupi limeneli, ndipo limatchula ambiri mwa iwo mayina, uyu anapanga khutu lamanja, uyu chiwindi, uyu zala za kumapazi. Maganizo anga ndi kujambula thupi lonse ngati chithunzi chimodzi chachitali, kuyambira pamutu mpaka ku zikhadabo, mngelo aliyense ali pa chiwalo chake ndi dzina lake m'zilembo za Chikoputiki. Font ya Antinoou ndatsitsa kale, chatsala ndi kuona ngati ikhala bwino pa Krita kapena ndilemba pamanja. Ndikamaliza zimenezo ndikufuna magawo 12 oyamba asindikizidwe ngati buku, ngakhale sindikudziwa kuti choyera cha masikirini awiri chija ndidzachiika bwanji papepala popanda wosindikiza kundiimbira kuti tsamba lina latuluka lopanda kanthu. Amene ali ndi sikana ya A3 ku Blantyre kuno andiuze, ndidzabwera ndi Bristol yanga Loweruka lina.