Nkhalango ya pa khonde ku Milan

Zithunzi za Bosco Verticale, nyumba ziwiri zosanja za mumzinda wa Milan ku Italy zomwe anatsegulira mu 2014, zimakopa maso ndithu: mitengo pafupifupi 800 ili m'makonde mpaka kumwamba. Koma zoti zikuteteza chilengedwe, ine ndikukayika. Kuti khonde lisenze mtengo ndi dothi lake lonyowa pamafunika simenti ndi zitsulo zowonjezera, chonsecho kupanga simenti kumatulutsa pafupifupi 8 peresenti ya mpweya wotenthetsa dziko wa carbon dioxide womwe anthu amatulutsa padziko lonse. Odulira nthambi amachita kulendewera pa zingwe kuchokera padenga! Okhalamo nawonso ndi anthu a ndalama zawo.

Bola Eastgate, nyumba ya mashopu ndi maofesi ya ku Harare, ya 1996. Mick Pearce, amene anajambula pulani yake, anaonera chulu cha chiswe, ndipo nyumbayo imazizira ndi mpweya wa usiku, mafani akungothandizira.