Lachitatu: tsiku la malamba a pa dzanja

Miyendo ikuwawa, koma ndilembe kaye ndisanagone. Lero chipinda chathu, chopumuliramo odwala ochokera kokaunikidwa mitsempha ya mtima, chinali chodzaza. Pafupifupi onse anawalowetsa kachubu pamfundo ya dzanja, mu mtsempha wa radial, uja timamverapo kugunda kwa mtima kumbali ya chala chachikulu. Njirayi anaiyambitsa Lucien Campeau ku Montreal mu 1989, ndipo odwala amaikonda chifukwa sawagoneka chagada maola ambirimbiri ngati akalowera m'mphechepeche. Munthu amakhala tsonga, amapita yekha kuchimbudzi. Dokotala akasolola kachubu, kabowo kotsalako ndi kathu anamwino.

Cha m'ma 10 koloko anabweretsa bambo ena achikulire, atawamanga lamba woonekera mkati uja, wokhala ndi kathumba kamene timakapopa mpweya ndi sirinji. Mtsikana wophunzira unamwino amene ndikuyenda naye sabata ino anaona timagazi pakhungu, n'kundinong'oneza kuti, "Asisita, tiwonjezere mpweya?" Aliyense amayamba choncho: waona magazi, finya! Komatu ukafinya mpaka mtsempha kuphwatalala, magazi amaima m'katimo, amaundana, mtsempha n'kutsekeka. Chofunika n'choti kunja asiye kutuluka, m'kati azidutsabe.

Ndinamuonetsa. Umaphwetsa lamba pang'onopang'ono mpaka kadontho kofiira kaonekere pansi pake, n'kubwezera mililita imodzi kapena awiri basi. Kenako kachipangizo koyezera okosijeni pa chala chachikulu, ine n'kudina mtsempha winawo, wa ulnar, wa kumbali ya kachala kakang'ono. Mzere wa pa sikirini ukapitiriza kukwera ndi kutsika, ndiye kuti radial akadali wotseguka. Pa bambowa mzere unangoti myaa, kugona. Tinachotsako mpweya pang'ono, kudinanso, mzere n'kudzuka, pabala pali pouma.

"Mwana wanga, dzanjali silikundipweteka ayi, mukulivutitsiranji?"

Bambowo anafunsa bwino, ndipo vuto lagona pomwepo. Mtsempha uwu umatsekeka mwakachetechete, poti kawirikawiri ulnar amakwanitsa yekha kudyetsa dzanja lonse. Ngakhale kugunda kumene timamva ndi zala kumanamiza, chifukwa magazi amatha kuzungulira m'chikhatho n'kubwerera chakumbuyo. Munthu amadzazindikira patsogolo, dokotala akafuna kulowanso pomwepo, kapena kutenga mtsemphawo kuti alambalalitse wa mtima wotsekeka, kapenanso pokonza njira ya dayalisisi, kusefa magazi ndi makina, impso zikafooka. Ndinawauza kuti, "Bambo, tikukusungirani khomo, mwina mudzalifunanso." Anaseka, nati ndisawalosere zoipa.

Zina zimatheka wodwala asanafike kwa ife. Kokaunikidwako amabayidwa heparin, mankhwala oletsa magazi kuundana, kawirikawiri mayuniti 5,000, ndipo kachubu kakachepa, mtsempha suvulala kwambiri. Amayi ndiwo timawayang'anitsitsa, poti mitsempha yawo imakhala yopyapyala. Gawo lathu ndi nthawi. Lamba akakhalitsa, mpata woti mtsempha utseke umakula, ndiye kwa amene angounikidwa timayesetsa kuti asapitirire maola awiri, tikumachotsa mamililita awiri kapena atatu mphindi 15 zilizonse. Wodi ikadzaza, n'zosavuta kusiya lamba "kuti tisavutike", ndipo ine chizolowezi chimenecho sindigwirizana nacho.

Masana kunabwera mayi ena amene awaika stent, kachubu ka timawaya kotsekula mtsempha wa mtima, choncho mankhwala oletsa magazi kuundana anali ambiri m'thupi. Pabala panali bwinobwino, koma iwo ankangosisita mkono pamwamba pa lamba. Nditagwira, munali molimba, mutayamba kutupa: magazi ankawukhira m'kati. Ndinatsindira pomwepo ndi zala, wophunzira uja n'kuthamangira dokotala. Tinakweza mkono, kuzunguliza chotupacho ndi cholembera kuti tione ngati chikukula, n'kumanga lamba wachiwiri pamwambapo. Zala zinakhalabe zofunda, zopanda dzanzi, ndipo pofika madzulo chotupa chinali chisanadumphe mzere.

Bambo aja anatuluka cha m'ma 3 koloko. Malangizo ndinauzanso mwana wawo wamkazi, poti eniake maganizo anali atafika kale kunyumba: asanyamule zolemera kapena kutsamira dzanjalo kwa masiku angapo, magazi akatuluka adine mwamphamvu pabalapo mkono uli m'mwamba, ndipo dzanja likazizira, kuchita dzanzi kapena kutupa abwere msanga. Mayi aja agona konkuno. Ndalemba m'buku kuti a usiku aziyang'ana mkonowo, ndipo mawa asanawatulutse tiyezenso radial, ulnar titamudina.