Mtsikana ndi Imfa ku Oslo

Nyumba ya MUNCH, yoonetseramo zojambula za Edvard Munch, ili m'mbali mwa nyanja ku Bjørvika, pafupi ndi nyumba ya opera ya Oslo ku Norway, ndipo inatsegulidwa mu 2021. Khamu lonse limathamangira chithunzi chake chotchuka, The Scream. Nanenso ndinakasuzumira, koma miyendo inakaima pa kapepala ka inki yakuda yokhayokha, ka Mtsikana ndi Imfa, kamene Edvard Munch anadinda mu 1894, chaka chomwe anayamba zodindadinda ali ku Berlin.

Mtsikana wamaliseche, tsitsi lili pamsana, wakumbatira chigoba cha mafupa n'kuchipsompsona. Mwendo wa chigobacho walowa pakati pa miyendo yake. Ojambula akale a ku Germany, monga Hans Baldung, ankaonetsa imfa ikugwira mkazi mokakamiza, iye akulira. Apa ayi. Mtsikanayu ndiye wakoleka mikono m'khosi mwa imfa, thupi lonse walitsamiritsa, ndipo saoneka wamantha. Zimenezi zinandisautsa kuposa mafupawo. M'mphepete Munch anajambulamo mbewu za umuna ndi timakanda tosabadwa ta mitu ikuluikulu. Kwa ine pamenepo anachulutsa zonena, awiriwo anali atakwana kale.

Njira yake amaitcha drypoint. Wojambula amakanda mkuwa ndi singano yakuthwa, popanda asidi. Singanoyo ikamadutsa imatukula timapiringizo ta mkuwa m'mbali mwa mzere, monga khasu limatukulira dothi, ndipo inki ikakodwa m'menemo mzere umatuluka wofewa, wonga wa ubweya. Ndinayandikira mpaka mlonda anandiyang'ana. Kufewa kumeneku kumagwirizana ndi chiuno ndi msana wa mkazi, koma nthiti za chigoba nazonso zinatuluka m'singano yomweyo. Vuto lake, makina odindira akamapanikiza, timapiringizoto timaphwanyika, moti mapepala oyamba okha ndi amene amakhala ndi mdima wokoma uja.

Munch imfa ankaidziwira m'nyumba. Mayi ake anamwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1868, iye ali ndi zaka 5, kenako mlongo wake Sophie anatsatira mu 1877 ali ndi zaka 15. Munch atamwalira mu 1944, ntchito zake anasiyira mzinda wa Oslo.

Mukapitako dziwani kuti zapapepala sazisiya poyera nthawi zonse chifukwa kuwala kumaziwononga. Funsiranitu ngati chithunzichi chilipo musanagule tikiti.