Kukhwimitsa thanki yatsopano ya mbuna nsomba zisanalowe

Thanki yatsopano imapha nsomba madzi akuoneka oyera mbee. Chomwe chimapha ndi amoniya, yemwe nsomba zimatulutsa m'makha popuma komanso m'ndowe zawo. Mu thanki yakale muli mabakiteriya a mtundu wa Nitrosomonas omwe amasandutsa amoniya kukhala nitrite, ndi ena a Nitrospira omwe amasandutsa nitrite kukhala nitrate. Nitrate ndiye wopepuka, timamuchepetsa posintha madzi. Mabakiteriyawa sakhala m'madzi kwenikweni, amakakamira pa siponji ya m'fyuluta, pa mchenga ndi pa miyala. Choncho ntchito yonseyi ndi yoweta tizilomboti m'fyuluta nsomba zisanabwere.

Ndifotokoza za thanki ya malita 200 ya mbuna, nsomba zokhala m'miyala ya Nyanja ya Malawi, chifukwa mbuna ndi zomwe zimavutika kwambiri munthu akafulumira. Zimafuna madzi onga a Nyanja ya Malawi, a pH (muyeso wa asidi m'madzi, asidi akachepa nambala imakwera) ya pakati pa 7.8 ndi 8.6, ndipo pH ikakwera chonchi gawo la amoniya lomwe ndi poizoni limachuluka. Komanso mbuna timaziika zambiri tsiku limodzi kuti imodzi isayambe kulamulira miyala yonse n'kumavutitsa zobwera pambuyo. Fyuluta iyenera kukhala yokonzeka kulandira katundu yenseyo nthawi imodzi.

Tsiku loyamba ndimatsuka mchenga ndi miyala ndi madzi okhaokha, sopo ayi. Ndikadzaza thanki ndimathira mankhwala ochotsa klorini molingana ndi malita onse, chifukwa klorini wa m'madzi apampopi amapha mabakiteriya omwe ndikufuna kuweta. Fyuluta ndi pampu ya mpweya ndimaziyatsa osazimitsanso. Hita ndimaiika pa madigiri 28. Nyale ikhale yozima, ndere zingachuluke pachabe.

Kenako chakudya cha mabakiteriya. Ndimafuna amoniya afike 2 ppm, kutanthauza mamiligalamu 2 pa lita iliyonse ya madzi. Ngati botolo la amoniya lalemba 10%, malita 200 amafuna pafupifupi mamililita 4, ndipo ndimayeza ndi sirinji. Amoniya wotsukira m'nyumba ndimayamba ndamukhutchumula: thovu likachedwa kutha ndiye kuti muli sopo, ameneyo sagwira. Wa ufa, ammonium chloride, amafunika magalamu 1.3 basi. Ena amaponya chakudya cha nsomba kuti chiwole. Zimatheka, koma simudziwa kuti mwathira amoniya wochuluka bwanji, ndipo pansi pamadzaza nkhungu.

Poyeza ndimagwiritsa zoyezera zamadontho, monga za kampani ya API, chifukwa timapepala tonyika timanama kawirikawiri. Amoniya akakhalapo madzi a m'kabotolo amabiriwira, akatha amakhala achikasu. Sabata yoyamba sipachitika kanthu kooneka, ndipo apa ndi pomwe ambiri amathiranso amoniya poganiza kuti sanakwane. Musatero. Pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 amoniya amayamba kutsika ndipo nitrite amaonekera, kabotolo kamachoka pa mtundu wa mtambo kupita ku pepo.

Gawo la nitrite ndi lalitali ndiponso lotopetsa. 1 ppm ya amoniya imabala pafupifupi 2.7 ppm ya nitrite, pomwe mabakiteriya odya nitrite amaswana pang'onopang'ono kuposa anzawo oyamba aja. Mukamathira amoniya tsiku ndi tsiku, nitrite amadutsa 5 ppm, pomwe tchati cha choyezera chimathera, ndipo simudziwanso ngati ali pa 6 kapena pa 30. Ine amoniya akafika ziro ndimathira theka lokha, mamililita 2, pakapita masiku awiri kapena atatu. Mabakiteriya safa ndi njala ya masiku ochepa chonchi. Madontho akasanduka pepo wakuda asanasakanizike n'komwe, ndimachotsa theka la madzi n'kuthira atsopano ochotsedwa klorini. Mabakiteriya satayika, ali m'siponji. Nitrate musamukhulupirire nthawi imeneyi, nitrite amasokoneza choyezera chake n'kuonetsa nambala yokwera.

Manambala akaima osasuntha kwa sabata yathunthu, ndimayamba ndayeza pH. Mabakiteriyawa pogwira ntchito amadya mchere wa carbonate wa m'madzi, pH n'kugwa, ndipo ikatsika kudutsa 6.5 amafooka kwambiri. Soda yemweyu wophikira therere amakonza vutoli: masupuni awiri a tiyi pa malita 200, osungunula kaye m'kapu, kenako kuyezanso mawa lake.

China ndi kuzima kwa magetsi. Fyuluta yotsekedwa ikaima maola angapo mpweya umatha mkatimo ndipo mabakiteriya amayamba kufa. Magetsi akathima ndimatulutsa masiponji n'kuwaika m'thanki momwemo, pafupi ndi kapampu ka mpweya ka mabatire. Kopanda kapampuko, kutunga madzi ndi jagi n'kuwathira kuchokera m'mwamba ola lililonse kumathandizako.

Zonsezi zimatenga masabata 4 mpaka 6. Njira yachidule yodalirika ndi iyi: kupempha siponji yakuda bii kuchokera m'fyuluta ya thanki yakale yopanda matenda, kuinyamula ili m'madzi a thanki yomweyo, n'kuilowetsa m'fyuluta yatsopano tsiku lomwelo. Nthawi imatha kutsika kufika sabata imodzi kapena ziwiri. Madzi okha a thanki yakale alibe phindu.

Mayeso omaliza ndi awa: ndimathira amoniya wa 2 ppm yathunthu, ndipo pakatha maola 24 amoniya ndi nitrite zonse ziyenera kukhala ziro, masiku awiri otsatizana. Zikatero ndimasintha magawo atatu mwa anayi a madzi kuti nitrate atsike kufika 20 ppm kapena kucheperapo, hita ndimaibweza pa 26, nsomba n'kulowa mawa lake. Zikachedwa kubwera ndimapitiriza kuthira mamililita 2 pa masiku awiri alionse.

Ngati nsomba zalowa kale m'thanki yosakhwima, amoniya wa m'botolo asayandikire. Dyetsani pang'ono kamodzi pa masiku awiri, yezani tsiku lililonse, ndipo amoniya kapena nitrite akadutsa 0.25 ppm sinthani theka la madzi. Nsomba zikamapuma wefuwefu pamwamba mpweya ulipo wokwanira, kawirikawiri ndi nitrite amene walowa m'magazi n'kuwalepheretsa kunyamula mpweya. Sinthani madzi nthawi yomweyo, ndipo siponji musaitsuke pampopi, muziifinyira m'madzi omwe mwachotsa m'thankimo.