Kodi shepu ya gitala ili ndi mwini wake?

Gitala yanga ndi yotchipa, koma ukaionera patali ungalumbire kuti ndi Fender Stratocaster, tinyanga tiwiri tija, mapikapu (timaginito totola kulira kwa mawaya) atatu, zonse ndendende. Kumutu kokha komwe timakungira mawaya ndi komwe anakusema mwina. Ine ndinkayesa anangophonya popanga, osadziwa kuti ndi dala, akuthawa maloya.

Nkhani yake ndi iyi. A Fender anafuna kulembetsa thupi la Stratocaster, Telecaster ndi Precision Bass ngati trademark yawo (chizindikiro cha malonda chomwe ena saloledwa kukopera) ku America, mu 2009 anawakanira, akuti zaka zonsezi makampani ena akhala akupanga shepu yomweyo inu muli phee ndiye pano munthu akaiona saganizanso za kampani imodzi, amangoti gitala yamagetsi basi. Koma kumutu kuja ndi kwawobe, ukakopera umaitanidwa.

A Gibson, kampani inanso ya magitala, ndiye sagona tulo. Mu 1977 analimbana ndi ogulitsa magitala a Ibanez ku America pa nkhani ya mutu yomweyi. Kenako kampani ya PRS itatulutsa gitala ya Singlecut anati yafanana ndi gitala yawo ya Les Paul, khoti mu 2004 linaimitsa PRS kupanga, chaka chotsatira la apilo nkutembenuza chigamulo. Apa ine ndinali mbali ya PRS, munthu wotulutsa ndalama zambiri chonchija sagula ali chitsinzire, dzina amaliwerenga. Za opanga magitala a Dean ndiye zimandiseketsa, a Gibson anawasumira mu 2019 chifukwa cha mashepu ngati Flying V, ija yooneka ngati muvi yomwe inatuluka mu 1958, mu 2022 nkuwina koma chipukuta misozi chake $4,000 yokha. Maloya okha anadya zingati pamenepo?

Olo zidole a Gibson sazisiya. Mu 2010 anasumira WowWee chifukwa cha Paper Jamz, timagitala tamasewera topyapyala ta ana, mpaka anagwirizana zoti pakhale layisensi. Poyamba ndinati aaa nkhanza izi, mwana angasokoneze chidole ndi Les Paul? Koma ukakumbuka zomwe zinawaonekera a Fender umamvetsa, ukalekerera lero mawa khoti likuuza kuti unali kuti.

Komwe sindinyengerera ndi kumata dzina la eni ake pa gitala yafeki, kumeneko ndi kuba, ndipo wolira ndi wogula yemwe wasunga ndalama miyezi nkupeza khosi lapindika. Yangayi siinama, dzina lomwe lili kumutu ndi la omwe anaipanga, waya wachitatu yekha ndi amene akumamasuka pafupipafupi.